Kagemu ka Malemu Chagunda

Sendezani chikuni icho chilowe bwino, nkhani ya ku Dedza imafuna moto. Amene munakhalako mukuidziwa mphepo yake yolowa m'mafupa, ndi chifunga chija chimene chimatsika m'phiri n'kumeza nyumba ya mnzako iwe uli chiimire pakhomo. Kumeneko kunkakhala mayi wina, telala, dzina lake Dailesi. Mwamuna wake anali a Fakisoni Chagunda, ogwira ntchito pakampani ina yoyeza malo.

A Chagunda sankamwa mowa, sankasuta, ndipo za akazi sizinawamvekerepo. Nthenda yawo inali imodzi: timabokosi. Anaitengera kwa azungu ena amene anayenda nawo pantchito. Masewera ake ndi otere. Munthu amabisa kabokosi kapulasitiki m'phanga, m'mphako kapena pansi pa mwala, n'kulengeza pa intaneti manambala a malowo. Ena amatsata manambalawo mpaka atakapeza. M'kabokosimo mumakhala kabuku kolembamo dzina ndi tizinthu tachabechabe, ndipo lamulo n'lakuti ukatengamo kanthu usiyemonso kanthu. Basi, mphotho palibe. Koma Loweruka lililonse, kwa zaka khumi ndi zisanu, a Chagunda ankavala jombo n'kulowera kuphiri.

Poyamba ankasindikiza mapepala ofotokoza kabokosi kalikonse. Ena mvula inkawanyowetsa, otsalawo Dailesi ankakolezera mbaula mwadala. Ndiye tsiku lina anabwera kuchokera ku Lilongwe ndi kagemu ka m'manja kogula pakaunjika, kotuwa, kong'aluka pangodya, kaja ana a mabwana amaseweretsa m'galimoto. Mnzawo wa kuntchito anafufutamo magemu onse, n'kulowetsamo mndandanda wa timabokosi, n'kumata kumsana kwake kachida komva masetilaiti.

"Taonani, Nabanda, pepala latha ntchito," anatero a Chagunda. "Dzina la kabokosi ili apa. Mtunda ndi uwu. Muvi uwu ukuloza kopita. Mukadina apa, mukuwerenga zimene analemba amene anafikako kale."

"Kazikuphikiraninso kameneko," anayankha Dailesi, maso ali pamakina osokera.

Anamufotokozera kambirimbiri m'zaka zonsezo, moti anakadziwa kagwiritsidwe kake osafuna, monga mmene umadziwira nyimbo ya woledzera wa pafupi ndi nyumba yako.

M'mwezi wa Juni a Chagunda anagwa kuntchito ndi nthenda ya kuthamanga kwa magazi, ndipo pofika nawo kuchipatala anali atazizira kale. Banjali linalibe mwana. Patangotha sabata chiikire maliro, mkulu wawo wa malemu, a Lufeyo, anafika ndi lole. Anakweza mipando, firiji, bedi, wailesi ya kanema ndi zingwe zake zonse. Anakwezanso makina osokera amene Dailesi anagula yekha asanakwatiwe.

"Alamu, makinawo ndi anga," anatero Dailesi.

"Nyumba yopanda mwana katundu wake alibe mwini, mlamu. Tikasunge kumudzi."

Akunyamula katoni yomaliza, kagemu kaja kanagwa pansi. A Lufeyo anakatola, kukatembenuza, n'kukaponya pamphasa.

"Ichi ndiye chanu. Muziseweretsa nokha, poti woseweretsa munakanika kutipatsa."

Lole inapita. Dailesi anatsala ndi mphasa, mbaula, zovala zake ndi mapoto awiri. Sanalire. Kagemu anakaika pawindo n'kukaiwala.

Mmawa wa tsiku lachitatu, akusesa m'nyumba yopanda kanthu ija, anamva kulira: pi, pi. Kagalasi ka kagemu kanali katayaka kokha. Anakazimitsa. Madzulo kanayakanso.

Anauza mnansi wake, mayi Nangozo, amene ankagulitsa mbatatesi kumsika.

"Katayeni m'chimbudzi," anatero Nangozo osakakhudza n'komwe. "Zinthu za akufa zimatsata fungo la mwini."

"Batire ikatha kakhala chete. Chingwe chotchajira anapita nacho alamu."

Sabata inatha, inanso inatha. Batire sinathe.

Chimene chinayamba kumuvuta Dailesi sikunali kulirako ayi, unali muvi. Kagemu kali phee pawindo, muvi unkayenda. Iye ankadziwa bwino kuti kabokosi kobisidwa pansi pa mwala sikayenda, woyenda ndi munthu wosakayo. Koma Lachinayi lina, dzuwa litangolowa, chifunga chitatseka msewu, anaona manambala a mtunda akutsika okha. Mamita makumi anayi. Makumi awiri. Muvi unazungulira pang'onopang'ono ngati ukutsata munthu amene akudutsa kuseri kwa nyumba, kupyola pabafa, kupyola pamulu wa makala. Mamita asanu ndi imodzi. Galu wa Nangozo, amene ankauwa ngakhale nkhuku, anangolira kamodzi n'kulowa pansi pa ngolo. Muvi unafika poloza chitseko n'kuima. Mamita awiri.

Dailesi anatsamira khoma. Anadikira kugogoda. Sikunabwere. Pansi pa chitseko panangolowa kamphepo ka fungo la nsalu yonyowa imene yakhalitsa osayanikidwa. Anakhala choncho mpaka madzi a m'poto pambaula anaphwa. Kenako muvi unatembenuka n'kuloza kuphiri, ndipo sunasunthenso.

Mantha atatsika, m'malo mwake munalowa ukali.

"Ngati ndinu, bambo, mwasowa chochita," analankhula yekha. "Muli moyo munandisiya ndekha Loweruka lililonse. Mwafa mwandisiyira abale anu ondivula. Lero mukufuna ndikutsateni kuphiri? Chabwino. Ndibwera, mudzandimve."

Loweruka anavala juzi ya malemu, imene a Lufeyo anaisiya chifukwa inali yobooka m'zigongono, n'kuyamba kukwera. Njira inalowa m'nkhalango ya paini. Kunali mbuu, moti mitengo inkangotulukira umodziumodzi ngati anthu oima pamzere. Pamtunda pang'ono anapeza amuna awiri ocheka matabwa akuwotha moto pafupi ndi dzenje lawo. Anawapatsa moni.

"Mwachedwa, mayi," anatero wamkuluyo. "Mnzanu wadutsa kale."

"Mnzanga uti?"

"Wosenza chikwama cha saka uja. Tamupatsa moni kawiri, osayankha. Ife timayesa muli limodzi, poti mayendedwe anu ndi amodzi."

Mnzakeyo sanaseke. Anangoyang'ana kumene njira inkalowera n'kunena kuti, "Ine sindinaone nkhope."

Dailesi anapitirira. Kagemu kankalira pafupipafupi mmene manambala ankachepera. Pamwala wina waukulu wogawanika pakati, muvi unayamba kuzungulira pamalo amodzi. Anadina pamene malemu ankadina, ndipo panatuluka mawu othandiza osaka: pansi, kumbali ya ndere. Anagwada, n'kupisa mkono mumng'alu, n'kutulutsa kabokosi kophimba kofiira.

Munali kabuku, pensulo yaifupi, wezulo ya pulasitiki ndi kandalama ka dziko lina. Pangodya panali kanthu kokulunga m'kansalu. Atamasula, m'dzanja mwake munagwera ndolo imodzi yamkuwa, yooneka ngati tsamba.

Inzake ya ndolo imeneyo inali m'chikwama chake kunyumba. Inali itakhala yokha zaka zisanu ndi zinayi.

Apa ndiyenera kukuuzani za Elufe. Elufe anali mng'ono wake wa Dailesi, bere limodzi. Ukwati wake utatha, anabwera kudzakhala nawo ku Dedza pamodzi ndi mwana wake wamkazi, Ndaziona, wa zaka khumi ndi chimodzi. Ankathandiza kupinda nsalu ndi kusita. Posakhalitsa tizinthu tinayamba kusowa m'nyumba. Ndolo. Kasupuni ka tiyi ka mphatso ya ukwati. Kachitsulo kovala kuchala posoka. Dailesi ankangomeza, uku akumuyang'ana mng'ono wake cham'mbali. Koma tsiku limene inasowa mendulo ya Maria Woyera imene malemu mayi awo anavala moyo wawo wonse, mtima unaphulika. Anakokera chikwama cha saka cha Elufe pabwalo n'kukhuthula zonse pamaso pa anthu a mzere wonse wa nyumba. Sanapeze kanthu. Anamutchulabe wakuba, n'kumuthamangitsa tsiku lomwelo, mvula ikugwa, mwana ali pambuyo. Nthawi yonseyo a Chagunda anali pabalaza, mutu uli pakagemu. Elufe anabwerera kumudzi kwawo cha ku Mayani, ndipo patatha zaka ziwiri anamwalira. Dailesi anapita kumaliro, anakhala kumbuyo, n'kunyamuka anthu asanapite kumanda.

Tsopano, atagwada pamasamba onyowa a paini, anatsegula kabuku kaja. Mayina anali ochepa, ambiri a alendo. Patsamba lachiwiri anapeza dzanja limene ankalidziwa, zilembo zopendekera kumanzere: "Ndatenga kagalimoto kachidole. Ndasiya ndolo. F.C."

Anawerenga katatu. Kenako anayang'ana kansalu kokulungira kaja. Telala saiwala msoko wake. Kanali kachidutswa ka chitenje chabuluu cha nkhanga, ndipo m'mphepete mwake munali mpendero umene iye mwini anasoka ndi ulusi woyera chifukwa wabuluu unali utatha. Chitenjecho anamugulira Elufe. Ndi chimene anavala tsiku lochoka. Kansaluko kanali kozizira ndi kachinyezi, pamene zina zonse m'kabokosimo zinali gwaa.

Kagemu kanalira kamodzi. Pamalo pa mawu a amene anafikako kale panali patawonjezeka mzere watsopano, wa tsiku lomwelo, wopanda dzina. Kagemuko kanalibe intaneti. Malemu ankachita kukalumikiza kukompyuta ya kuntchito kuti mulowe chilichonse chatsopano. Mzerewo unati: "Ndapeza. Sindinatenge kanthu."

Mawu amenewo osaka timabokosi amalemba kawirikawiri, ndipo Dailesi anali atawamvapo kwa mwamuna wake. Koma anakhala pansi pomwepo.

Chakumtunda, m'chifunga, masamba analira: tswa, tswa, tswa. Munthu ankachoka mosafulumira. Muvi unatembenuka n'kumutsata.

Tsiku limenelo sanapitirire. Anatsika chothamanga, ndipo ocheka matabwa aja atamuona sanamufunse kanthu.

Loweruka lotsatira anapitanso. Anapempha Nangozo kuti amuperekeze, ndipo Nangozo anavomera monyinyirika, atamanga korona m'dzanja. Kabokosi kachiwiri kanali m'mphako ya mtengo pafupi ndi kamtsinje. Munali kasupuni ka tiyi, kokulungidwa m'nsalu yomwe ija, ndi dzanja la a Chagunda m'kabuku. Pakagemu panabweranso mzere womwe uja.

"Supuni imeneyi ndikuikumbuka," anatero Nangozo motsitsa mawu. "Ndinalipo tsiku lija. Ndinaseka nawo pamene munakhuthula chikwama."

"Onse munaseka."

"Nanga bwanji alendo onse amene anadutsa pano sanaitenge? Zaka zonsezi?"

Dailesi asanayankhe, Nangozo anamugwira mkono mwamphamvu. Tsidya la kamtsinjeko udzu unali ukuwerama tsinde limodzilimodzi, molunjika, ngati pali wina akudutsamo. Kunalibe mphepo.

"Ine ndiye ndathera pano, amzanga," ananong'ona Nangozo. "Mulandu uwu ndi wa m'nyumba mwanu. Ine ndili ndi ana."

Kuyambira pamenepo Dailesi ankayenda yekha. Kachitsulo ka kuchala anakapeza m'phanga la nyani. Chipeso chaching'ono, chimene anali atachiiwala n'komwe, anachipeza pansi pa mlatho wamitengo. Kumsika anthu anayamba kunena kuti mkazi wa Chagunda mutu wasokonekera, akungoyenda m'phiri ndi chidole cha ana, atavala juzi ya wakufa. Ena amene kale ankabweretsa nsalu ankati akamuona n'kuwoloka msewu. Iye sankasamala. Madzulo ankayala tizinthu tija pamphasa n'kumatukwana mwamuna wake mokweza, mpaka Nangozo ankamva kunyumba kwake.

"Mwamuna wamkulu, wa ndevu zake, kuba supuni kuti akasinthe ndi chidole! Munali pompo, bambo. Munamva zonse. Pakamwa panu panali chiyani?"

Kutukwana malemu kunkamupeputsa. Wolakwa anali atapezeka, ndipo anali m'manda.

Kabokosi komaliza kanali pamwamba penipeni pa phiri. Ananyamuka mbandakucha n'kufika dzuwa lili paliwombo, ngakhale dzuwalo silinkaoneka. Mphepo inkaomba mwaukali, koma chifunga sichinkasuntha. Mamita khumi asanafike pamene muvi unkaloza, anaima.

Patsogolo pake panali munthu. Kapena tinene kuti panali mdima wotalika ngati munthu wamkazi, wosenza katundu pamutu, atamufulatira. Mphepo inkakupiza juzi ya Dailesi, koma chovala cha winayo chinali chilendewere, chosagwedezeka.

"Elufe?" Mawu anatuluka ngati a mwana. "Mng'ono wanga, ndiwe?"

Zii.

"Ndaziona zonse. Ndadziwa. Si iwe unatenga. Anali alamu ako, ndi amene anatidanitsa. Ine sindinkadziwa, Elufe. Nanenso anandinamiza."

Mutu wa winayo unapendekeka pang'ono, ngati munthu amene wamva mawu amene sanawayembekezere. Sanatembenuke. Chifunga chinadutsa pakati pawo chochindikala, ndipo pamene chinapepuka panali miyala yokhayokha. Dailesi atayang'ana m'dzanja, kagemu kanali katazima. Anadina, anagwedeza, anakaomba pantchafu. Sikanayakenso, tsiku limenelo ngakhale lina lililonse.

Kabokosi anakapeza yekha, pakati pa miyala pamene panaima munthu paja. Mendulo inalimo, ndi kaunyolo kake kakuda ndi thukuta la mayi awo. Anatsegula kabuku. "Ndasiya mendulo. F.C." Chimene chinamubaya ndi tsiku lake. Elufe anamuthamangitsa Lachitatu la Phulusa, tsiku losaiwalika, chifukwa anali ndi mtanda pachipumi pamene ankakhuthula chikwama. Mawu a m'kabukuwo analembedwa Loweruka la sabata yomweyo. Ndiye kuti pamene mlamu wawo ankatuluka m'mvula ndi mwana, a Chagunda anali ndi mendulo m'thumba la jekete. Anadikira masiku atatu n'kukwera nayo pamwamba pa phiri, kumene mkazi wawo sakanafikako.

Dailesi anaseka. Kuseka kwake kunali koipa kumva, ndipo kunalibe wokumva.

Lachisanu anakwera minibasi ya ku Mayani, tizinthu tonse atatimanga m'mpango. Mudzi unali utasintha, koma nyumba ya malemu mayi awo inalipo, itafoleredwa malata mbali imodzi. Pakhonde panali mayi wachitsikana akusankha nyemba m'lichero, khanda lili kumsana. Anali Ndaziona. Anamuyang'ana mlendoyo kuyambira kumapazi.

"Mwana wanga," anatero Dailesi.

"Takulandirani, mayi Chagunda." Sanati amayi aakulu. Sanaimirire. Anangokankha mpando ndi phazi.

Dailesi anakhala pansi, osati pampando. Anamasula mpango n'kuyala zonse: ndolo, supuni, kachitsulo, chipeso, mendulo. Anafotokoza za kagemu, za timabokosi, za dzanja la a Chagunda m'timabuku. Ndaziona ankamvetsera uku akutola timiyala m'nyemba. Koma maso ake atagwera patizidutswa ta nsalu, dzanja linaima.

"Nsalu iyi mwaitenga kuti?"

"Ndi imene inakulunga zinthuzi."

Ndaziona anakokera lichero kwa iye, kutali ndi nsaluzo.

"Chitenje chimenecho tinawafunditsa amayi m'bokosi la maliro," anatero. "Chinali chokhacho chosang'ambika. Mukanaona mukanakhala kuti munadikira."

Khanda linadzuka n'kuyamba kulira. Ndaziona analibweretsa kutsogolo n'kuliyamwitsa, maso ali kumunda.

"Ndabwera kudzapepesa," anatero Dailesi. "Bambo ako aakulu aja anatipusitsa tonse. Ndikanadziwa..."

"Munadziwa."

"Ayi, mwana wanga, ndikulumbira."

"Amayi anakuuzani. Pakhomo paja, chikwama chili pamutu. Anati, 'Achemwali, funsani alamu, ndinawaona akutsegula kabati yanu.' Inu munawamenya mbama. Munati wakuba akagwidwa amaloza mwini nyumba. Ndinali mwana, koma ndinali nditagwira chitenje chawo. Ndinamva mbamayo m'dzanja langa."

Dailesi anatsegula pakamwa kuti akane. Kenako chikhatho chake chakumanja chinatentha, ndipo anakumbuka. Zaka zisanu ndi zinayi anali atazikumbukira zonse za tsiku limenelo, mvula, phulusa pachipumi, kuseka kwa anthu, kupatula mawu amenewo okha.

"Mbiri inafika kuno ife tisanatsike basi," anapitiriza Ndaziona, mawu ake osakwera, osatsika. "Kubungwe la amayi a kutchalitchi anawachotsa. Akalowa m'nyumba ya munthu, mwini nyumba ankayamba kubisa sopo. Ine kusukulu ankanditcha mwana wa Nakuba. Atadwala, odzazonda ankaima panja. Anamwalira akufunsa ngati kwabwera kalata yochokera ku Dedza."

"Ndichite chiyani?"

"Kwa ine palibe. Koma munawatchula akuba pamaso pa anthu. Mukawayeretse pamaso pa anthu."

Dailesi anagona masiku awiri m'khitchini, pafupi ndi nkhuku. Lamulungu, mapemphero atatha, akulu a mpingo atamaliza zolengeza, Dailesi anapempha mwayi. Anaima kutsogolo, mendulo ili m'dzanja.

"Ine ndine Dailesi Nabanda, wa nyumba ya kumtunda uko. Zaka zapitazo ndinanamizira mng'ono wanga Elufe kuti ndi wakuba. Sanabe. Anatenga zinthuzo ndi mwamuna wanga. Elufe anandiuza zoona, ine ndinamumenya. Ndikupempha kuti dzina lake muliyeretse."

Anadikira. Ankayembekezera kung'ung'udza, kapena wina kumulavulira, kapena kulira kwa amayi amene anamuchotsa m'bungwe. Anali atakonzeka kulandira zonsezo.

Anthu ankangoyang'anana. Ambiri anali achinyamata ndi akamwini obwera. Mwana wina analira kumbuyo. Pabenchi yachiwiri, mayi wina wachikulire anaweramira kwa mnzake n'kufunsa, mosanong'ona bwino chifukwa anali wogontha khutu limodzi:

"Elufe wake uti?"

"Kaya. Kapena uja anakwatiwa ku Salima."

Mkulu wa mpingo anatsokomola, nathokoza mlendo chifukwa cha mtima wake wabwino, n'kukumbutsa anthu za ntchito youmba njerwa Lachiwiri. Kwaya inayamba nyimbo yotulukira.

Panja, Ndaziona anatambasula dzanja. Dailesi anaikamo mendulo.

"Ungandiperekeze kumanda, ndikaone pamene anagona?"

"Mtanda unadyedwa ndi chiswe. Ine ndimapadziwa, ndipo pandikwanira." Anamanga mendulo pangodya ya chitenje. "Minibasi yomaliza imadutsa dzuwa likapendeka. Musaiphonye."

Dailesi anabwerera ku Dedza tsiku lomwelo. Masiku ano amasoka pamakina obwereka pakhonde la sitolo ina, ndipo misoko yake ikadali yowongoka. M'nyumba mwake simunamvekenso chachilendo chilichonse. Galu wa Nangozo anayambiranso kuuwa nkhuku. Anthu amati zinamuthera bwino, mzimu unagona.

Koma Nangozo, amene amamuona tsiku ndi tsiku, amapukusa mutu. Akuti dzuwa likangolowa, nthawi imene aliyense amatseka mazenera ndi kutsekera mphepo ndi zisanza, Dailesi amatsegula chitseko chonse n'kukhala pamphasa atayang'ana panja, milomo itauma ndi chisanu. Tsiku lina Nangozo anamufunsa ngati saopa kuti chinthu chija chingabwerenso.

"Ndiye ndikudikira chimenecho," anayankha Dailesi. "Pamwamba paja anaima kuti andimvere, ine ndinanena za alamu ake. Mawu enieniwo ndili nawo tsopano."

Chaka chino ndi chachinayi. Sabwera.

Yanga yathera pamenepo. Kwirirani makalawo ndi phulusa.